Kucheza ndi Khanda Si Misala

Mwezi uno tafuna kuti tikambirane za munthu wamng'ono koposa onse pakhomo, amene timamusambitsa, kumufunditsa ndi kumuyamwitsa mokhulupirika, koma kawirikawiri sitimuyesa woyenera kucheza naye. Tikunena khanda, kuyambira tsiku lobadwa kufikira miyezi 6 kapena kupitirirapo pang'ono. M'midzi yathu kuno ku Chifunga, ndipo tikhulupirira kuti n'chimodzimodzi kwanuko, mayi wachitsikana akapezeka akulankhula ndi mwana wa masabata awiri, anthu amamuseka. Wina amafunsa kuti, "Kodi mukulankhula ndi yani? Mwayamba misala?" Winanso amati, "Kamwanako sikaona, sikamva; dikirani kayambe kakula." Mayi uja amachita manyazi nakhala chete, ndipo mwana amamanidwa chinthu chimene sichigulidwa m'sitolo iliyonse.

Ife tikuti mayi ameneyo asachite manyazi, pakuti ndiye ali pa njira yoyenera. Kucheza ndi kusewera ndi khanda ndi ntchito ya kulera, yofanana kulemera kwake ndi kusambitsa ndi kuyamwitsa. Tifotokoza zifukwa zake, kenaka tionetsa m'mene banja lililonse lingachitire zimenezi popanda kutulutsa ngakhale tambala imodzi.

KHANDA LIMAMVA NDIPO LIMAONA

Tiyambe ndi makutu. Mwana amayamba kumva akali m'mimba, makamaka m'miyezi 3 yomaliza, ndipo mawu amene amamufika bwino koposa ndi a mayi wake, popeza amadzera m'thupi momwemo. M'chaka cha 1980 akatswiri awiri a ku America, Anthony DeCasper ndi William Fifer, anafalitsa zimene anapeza pa makanda osapitirira masiku 3. Anawapatsa kansonga ka mphira koyamwa, kolumikizidwa ku makina otulutsa mawu. Khanda likayamwa mwa njira ina linkamva mawu a mayi wake, ndipo likayamwa mwa njira inanso linkamva mawu a mayi wachilendo. Ambiri mwa makandawo anasintha kayamwidwe kawo kuti azimva mayi wawo. Taganizani, mwana wa masiku 3, mchombo usanagwe n'komwe, akusankha yekha mawu ofuna kuwamva.

Nanga maso? N'zoona kuti khanda siliona patali, ndipo mwina ndi pamenepa pamene panachokera chikhulupiriro chija. Koma limaona bwino chinthu chimene chili pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30, ndiwo mtunda wa kuchokera pa bere kufika pa nkhope ya mayi. Mwa zonse zimene lingaone, limakonda nkhope ya munthu. Mukaweramira pafupi ndi kuyendetsa mutu wanu pang'onopang'ono, mudzaona timaso tija tikuyesa kukutsatirani. Limadziwanso fungo la mayi wake, ndipo limatonthola likagona pa chifuwa chofunda. Chotero mwana amabadwa ali wokonzeka kale kulandira munthu. Chimene chimatsala ndi chakuti munthuyo abwere.

CHIFUKWA CHAKE NKHANIYI NDI YAIKULU

Ubongo wa mwana umakula kuwirikiza kawiri m'chaka chake choyamba, ndipo palibenso nthawi ina m'moyo pamene udzakula mofulumira chotero. M'kati mwake muli timitsempha tosawerengeka timene timalumikizana mwana akaona, akamva, akakhudza ndi akayankhidwa. Njira zimene zimapitidwa kawirikawiri zimalimba, ndipo zimene sizipitidwa zimafafanizika, monga kanjira ka ku chitsime kamene kamamera udzu anthu akasiya kudzeramo. Mwana akatulutsa kaliwu, inu n'kumuyankha, iye n'kubwerezanso, ndiye kuti njira ina yapondedwa. Makolo athu anati mmera m'poyamba, ndipo pa nkhani iyi mwambiwu ndi woona kwenikweni.

Umboni wake ulipo. M'chaka cha 1986, mu mzinda wa Kingston ku Jamaica, dokotala wina wamkazi, Sally Grantham-McGregor, ndi anzake anayamba kutsata ana 129 opinimbira a m'mabanja osauka, a miyezi 9 mpaka 24. Ena mwa anawo ankayenderedwa pakhomo kamodzi pa sabata kwa zaka 2 ndi alangizi a zaumoyo, amene ankaonetsa amayi kasewereredwe ndi ana awo pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha. Patapita zaka 20 anawo anafunidwanso ali akuluakulu, ndipo zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2014 zinaonetsa kuti amene ankaseweredwa nawo aja ankapeza ndalama zoposa za anzawo ndi magawo 25 pa 100. Sanapatsidwe munda kapena mpamba wa bizinesi. Anangopatsidwa mayi wodziwa kucheza nawo.

Kuno kwathu, kafukufuku wa boma wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti pa ana 100 alionse osakwana zaka 5, ana 37 anali opinimbira. Mwana wotere amafuna chakudya chabwino ndi chithandizo cha kuchipatala, zimenezo sitikana. Koma amafunanso koposa anzake munthu womudzutsa nzeru. N'chifukwa chake mabungwe a WHO ndi UNICEF mu 2012 anatulutsa malangizo ophunzitsira alangizi a zaumoyo kuti pamene akulangiza za kuyamwitsa ndi katemera, azilangizanso za kusewera ndi kulankhula ndi mwana kuyambira tsiku lobadwa.

Ife amene takhala zaka zambiri tikulandira ana a Sitandade 1 timaziona zimenezi chaka ndi chaka. Ana awiri a msinkhu umodzi, ochokera m'mudzi umodzi, odya nsima ya ufa umodzi, amafika m'kalasi ali osiyana kutali. Wina amayang'ana mphunzitsi m'maso, amafunsa, amadziwa maina a zinthu, ndipo akamva nthano amaibwereza. Mnzake amangowerama, mawu ali nawo ochepa, ndipo pensulo imamukana m'manja. Sitikunena kuti kusiyana konseku kumachokera ku ukhanda, pakuti malungo, njala ndi mavuto a m'banja nazonso zimasiya zipsera. Koma tikafika ku makomo kwawo, kawirikawiri timapeza kuti woyamba uja akuchokera m'nyumba imene ana amalankhulidwa, ndipo tikaona kamng'ono kake kali pa miyendo ya agogo akukaseketsa, timadziwa kumene nzeruzo zinayambira.

M'CHIKUTA NDI MASABATA OYAMBA

Tsono kusewera ndi mwana wa masiku ochepa n'kotani? Musaganize za mpira kapena phada. Masewera a khanda ndi ofatsa, ndipo amayamba m'chikuta momwemo, mchombo usanagwe. Mugonekeni pa chifuwa chanu khungu kukhudza khungu, mutamufunditsa nsalu kumsana. Poyamwitsa, muyang'aneni m'maso ndi kumutchula mawu okoma, ngakhale dzina asanapatsidwe. Ikani chala chanu choyera m'kadzanja kake, ndipo adzachifumbata mwamphamvu. Mukamusambitsa ndi kumudzoza mafuta, musisiteni timikono ndi timiyendo mofatsa, mukumuuza chimene mukuchita: "Tsopano tikusambitsa kaphazi, tsopano kadzanja." Tanthauzo la mawuwo salimva, koma akumva kamvekedwe ka chinenero chimene adzalankhula.

Pali chinthu china chimene timaiwala chifukwa cha chikondi. Timakulunga mwana m'mashawelo ndi m'mabulangete tsiku lonse, ngakhale kuno kumunsi kwa Neno kumene dzuwa la mwezi wa Okutobala limawotcha ndi m'nyumba momwe. Mwana amafunda bwino, inde, makamaka m'masiku oyambirira ndi m'nyengo yozizira. Koma pamene kwatentha ndipo ali maso, mumasuleni kwa kanthawi kuti aponye timiyendo ndi kutambasula timikono, pakuti mnofu umalimba pogwira ntchito.

Ana obadwa masiku asanakwane amafuna chifuwa cha munthu koposa onse. Njira yowasunga pa chifuwa usana ndi usiku, imene a chipatala amaitcha ya kangaru, inayambira mu mzinda wa Bogotá ku Colombia mu 1978, ndipo kuno ku Malawi inakhazikitsidwa pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Imasunga mwana wofunda, imathandiza kuyamwa, ndipo mwanayo amakhala akumva mawu ndi kugunda kwa mtima wa womunyamula. Abambo ndi agogo angathe kulandizana ndi mayi pa ntchito imeneyi.

KUYAMBIRA MASABATA 6 KUFIKIRA MIYEZI 3

Masiku a katemera angatithandize kukumbukira. Mwana amapita ku sikelo kukalandira katemera pa masabata 6, 10 ndi 14. Pafupi ndi ulendo woyamba uja, kapena masabata awiri pambuyo pake, ana ambiri amayamba kumwetulira poona nkhope ya munthu. Kumwetulira kumeneku ndi moni wake woyamba, ndipo moni suyenera kugwa pansi. Mubwezereni. Akatulutsa timawu take ta "aaa" ndi "uuu", bwerezani timawu tomweto, kenaka khalani chete pang'ono kuti nayenso ayankhe. Apa akuphunzira lamulo loyamba la kucheza, lakuti anthu amalankhula mopatsana mpata.

Iyi ndi nthawinso yolimbitsa khosi ndi msana. Mwana akakhala maso, asanayamwe kapena patapita nthawi atayamwa, mugonekeni chafufumimba pa mphasa yoyalidwa nsalu yoyera, inu mutakhala kapena kugona patsogolo pake. Adzayesa kutukula mutu kuti akuoneni. Yambani ndi mphindi imodzi kapena ziwiri, kangapo pa tsiku, ndipo ngati akudana nazo yambirani pa chifuwa chanu inu mutatsamira. Malangizo a bungwe la WHO a mu 2019 amati mwana amene sanayambe kukwawa azikhala chafufumimba mphindi zosachepera 30 pa tsiku, zogawidwa pang'onopang'ono, ali maso. Tibwereze mawu akuti ali maso, ndipo munthu wamkulu akumuyang'anira. Ikafika nthawi ya tulo, mwana azigona chagada, m'neti yoteteza udzudzu, nkhope yake yosaphimbidwa.

Tengani kansalu kofiira kapena chitenje cha mawanga owala, muchiyendetse pang'onopang'ono kuchokera kumanja kupita kumanzere pamaso pake, ndipo adzachitsatira ndi maso, pambuyo pake ndi mutu womwe. Gwedezani chitsukulumwe chaching'ono mbali ina ya mutu wake, muone ngati akhala chete kumvetsera. Pofika ulendo wachitatu wa katemera, ana ambiri amakhala atayamba kulimba khosi, kuyang'anitsitsa manja awo ndi kuwaika m'kamwa.

KUYAMBIRA MIYEZI 3 KUFIKIRA MIYEZI 6

Apa mwana amasanduka mlenje. Amatambasula dzanja kufuna kugwira chilichonse, ndolo za amayi, ndevu za abambo, mandala a agogo. Amaseka mokweza, ndipo amayamba kugubuduka. Mupatseni zinthu zoti agwire, zosiyana kukhudza kwake: chipande choyera, kapu ya pulasitiki, kampira kosokedwa ndi zigamba za nsalu, chipatso chouma cha mlambe chimene mwachipala bwino ubweya wake woyabwa uja. Kabotolo ka pulasitiki kokhala ndi timiyala tochepa, kotsekedwa molimba kwambiri, ndi chidole chokwanira. Mukamugoneka pa mphasa, ikani chinthucho patali pang'ono kuti achite kuchivutikira, koma osati patali pomugwetsa mphwayi.

Phimbani nkhope yanu ndi chitenje, mufunse kuti, "Amayi ali kuti?" kenaka muvundukule. Poyamba adzangodabwa, koma m'miyezi yotsatira adzayamba kuyembekezera ndi kuseka musanavundukule n'komwe, ndipo potero akuphunzira kuti chinthu chobisika sichinathe. Muonetseni nkhope yake pa kalilole. Mutulutseni pakhonde madzulo, mumuuze maina a zimene akuona: mbuzi, nkhuku, mtondo, mwezi. Muimbireni nyimbo za kwanu ndi za ku kwaya zomwe, mukumuwombetsa m'manja mofatsa.

Agogo athu ali ndi mwambo wokhazika mwana m'beseni kapena pa mchenga atamuchirikiza ndi nsalu kuti aphunzire kukhala. Mwambowu si woipa ngati khosi lalimba kale, ngati ndi kwa kanthawi kochepa, ndipo ngati munthu ali pomwepo. Koma mwana amene mutu ukulendewerabe asakakamizidwe. Nthawi yonseyi, kufikira miyezi 6, chakudya chake ndi bere lokha, popanda phala kapena madzi, ndipo kuyamwitsa kulikonse ndi mpata wina wa kucheza.

"NTHAWI TIIPEZA KUTI?"

Tikudziwa funso limene amayi ambiri ali nalo pofika pano. Mayi wa kumudzi amadzuka kusanache, apite ku mjigo, asese, aphike, akapalire kumunda, akatole nkhuni, ndipo dzuwa likamalowa thupi lonse lili lophwanyika. Kumuuza kuti apatule maola osewera ndi khanda kungakhale kumunyoza. Ife sitikupempha maola. Tikupempha kuti ntchito zimene mayi amachita kale pa mwana zikhale ndi mawu ndi maso. Mwana wakhanda amayamwa ka 8 kapena kuposerapo usana ndi usiku. Amasambitsidwa, amasinthidwa matewera, amavekedwa. Ngati pa nthawi zimenezi mayi amuyang'ana ndi kumulankhula, ndiye kuti tsikulo mwana waphunzira mokwanira.

Kubereka mwana kumbuyo ndi chuma chimene tiyenera kuchisunga. Mwana wa kumbuyo amafunda, amamva kuyenda kwa thupi la mayi, amamva macheza a pa mjigo ndi nyimbo za pamtondo, ndipo salira kawirikawiri. Chimene amasowa kumbuyoko ndi nkhope. Chotero mukafika pa mthunzi kupumula, mutembenuzireni kutsogolo, muonane naye kwa kanthawi musanamubwezere.

Masiku ano kwabwera wakuba wina wa nkhope ya mayi, ndiye foni. M'chaka cha 1975 katswiri wina wa ku America, Edward Tronick, anaonetsa chimene chimachitika mayi akasiya mwadzidzidzi kuyankha mwana wake wa miyezi yochepa, nangomuyang'ana ndi nkhope youma kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Mwana amayesa kumwetulira, amayesa kutulutsa mawu ndi kutambasula manja, ndipo akaona kuti palibe chikuchitika amatembenukira kumbali nayamba kuvutika. Mayi akamwetuliranso, mwana amabwerera pang'onopang'ono. Nkhope ya munthu amene maso ali pa foni ndi yofanana ndi nkhope youma ija. Palibe kholo limene lingayankhe mwana nthawi zonse, ndipo mwana safuna zimenezo. Koma pa nthawi ya bere, foni ikhale pambali. Ndiponso malangizo a WHO a mu 2019 aja amati mwana wosakwana chaka asaonetsedwe kanema wa pa foni kapena pa wailesi ya kanema, pakuti chithunzi sichingamuyankhe.

NTCHITO YA NYUMBA YONSE

Tilankhule ndi abambo anzathu. Ambiri a ife tinakula tikumva kuti khanda ndi la akazi, ndipo mwamuna amadikira kufikira mwana atayamba kuyenda ndi kutumika. Ena amaopa kuti manja awo ozolowera khasu ndi nkhwangwa angapweteke kamwana. Bambo, sambani m'manja, khalani pansi, chirikizani kamutu ndi dzanja limodzi, ndipo mudzaona kuti si chinthu chovuta. Mawu anu aakulu aja ndi phunziro lina kwa iye, losiyana ndi la amayi ake. Mphindi 10 madzulo alionse, pamene mayi akuphika ndiwo, zimapatsa mwana bambo ndiponso zimapatsa mayi mpumulo. Ulemu wanu pamudzi sudzachepa chifukwa anthu akuonani mukuseketsa mwana wanu.

Kumene bambo ali kutali, kaya ku Blantyre, ku Tete kapena ku Joni, amalume ndi agogo aamuna alipo. Ana okulirapo nawonso amakonda kuseketsa mng'ono wawo, ndipo ndi aphunzitsi abwino, malinga munthu wamkulu awaonetse kagwiridwe ndi kukhala pafupi. Koma mtsikana wa zaka 7 asasiyidwe yekha ndi khanda tsiku lonse, ndiponso asajombe kusukulu chifukwa cha ulezi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, anatero akale. Chotero amayi a Mvano ndi anansi pokaona mwana watsopano, pamodzi ndi sopo ndi ufa atengenso mawu olimbikitsa mayi kuti azicheza ndi khanda lake, m'malo momuseka.

Pali amayi ena amene akachira amagwidwa ndi chisoni chosadziwika mutu wake. Amalira okha, tulo sabwera, chakudya sichikoma, ndipo mwana samusangalalira. Mayi wotere si waulesi kapena wouma mtima. Akudwala, ndipo matendawa ali ndi chithandizo. Apongozi ndi amuna ake asamukalipire. Amuchepetsere ntchito, acheze ndi mwanayo m'malo mwake, ndipo amuperekeze kuchipatala.

ZOYENERA KUPEWA

Khanda lisagwedezedwe mwamphamvu kapena kuponyedwa m'mwamba, kaya mwa masewera kaya mwa mkwiyo, chifukwa khosi lake ndi lofooka ndipo ubongo ungavulale kosachiritsika. Ngati kulira kwake kwakutopetsani, mugonekeni pamalo abwino, muitane wina, mutuluke kaye panja. Chilichonse chimene mwana agwira chimapita m'kamwa, chotero chikhale choyera ndi chachikulu kosatheka kumezedwa. Nyemba, chimanga, mtedza, mikanda, mabatani, ndalama zachitsulo ndi majumbo zikhale kutali. Musamusiye yekha pa bedi kapena pafupi ndi moto, ndipo utsi wa m'khitchini usamupeze.

Dziwaninso kuti khanda limatopa msanga. Likayang'ana kumbali, likayasamula, likapinda msana kapena kuyamba kudandaula, likunena kuti zakwana. Lekani pomwepo. Kumva chimene mwana akunena popanda mawu ndi gawo lalikulu la masewerawa, ndipo mwana amene aona kuti akumvedwa amaphunzira kukhulupirira anthu.

MWANA ALIYENSE NDI ULENDO WAKE

Pa mzere wa ku sikelo pamabadwira nkhawa zambiri. Mayi amaona mwana wa mnzake atakhala pa miyezi 5 pamene wake sanayambe, napita kunyumba mtima uli m'mwamba. Bungwe la WHO mu 2006 linafalitsa zimene linapeza potsata ana athanzi a ku Ghana, India, Norway, Oman ndi America. Ena anakhala okha asanakwane miyezi 4, ena atapitirira pang'ono miyezi 9. Ena anayenda pa miyezi 8, ena pafupi ndi miyezi 18. Pafupifupi ana 4 pa 100 sanakwawe ndi manja ndi mawondo konse, koma anayenda bwinobwino. Kuthamanga si kufika. Mwana wobadwa masiku asanakwane muzimuwerengera kuyambira tsiku limene anayenera kubadwa. Wobadwa miyezi iwiri isanakwane akachedwa ndi miyezi iwiri, ali pa nthawi yake.

Kuno kwathu tili ndi muyeso wathuwathu. M'chaka cha 2010 dokotala wa ana, Melissa Gladstone, pamodzi ndi anzake a pa sukulu ya madokotala ya ku Blantyre, imene panthawiyo inkatchedwa College of Medicine, anafalitsa njira yoyezera kakulidwe ka ana yotchedwa Malawi Developmental Assessment Tool. Anaikonza poona kuti miyeso ya kunja inkafunsa zinthu zimene mwana wa kumudzi sanazionepo. Njirayi imayang'ana mbali zinayi: kayendetsedwe ka thupi, kagwiridwe ka zala, chinenero, ndi kakhalidwe ndi anthu. Makolo nafenso tiziyang'ana mbali zinayi zimenezi, osati kulemera kwa pa sikelo kokha.

Komabe pali zizindikiro zosayenera kudikira. Ngati mwana sadzidzimuka pa phokoso lalikulu. Ngati pofika miyezi 3 sakutsatira nkhope ndi maso kapena sakumwetulira. Ngati pofika miyezi 4 mutu ukulendewerabe. Ngati thupi ndi lolobodoka kapena louma gwa, kapena akugwiritsa ntchito mbali imodzi yokha. Ngati pofika miyezi 9 sakutha kukhala. Kapena ngati wasiya kuchita chimene ankachita kale, kauzeni a chipatala. Musayambe n'kufunafuna amene wamulodza, ndipo musamubise m'nyumba. Mwana wa vuto la makutu, maso kapena miyendo amathandizika bwino akadziwika msanga, ndipo amafuna kuseweredwa naye koposa anzake. Koma khanda likakana bere, likatentha thupi kapena kuzizira, likapuma mobanika, likakomoka, likachita chikasu, kapena mchombo ukatuluka mafinya, pitani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Ife a ku Chifunga tili ndi chipatala chathu chaching'ono, ndipo chimene chawakanika amatumiza ku chipatala chachikulupo, monga cha Lisungwi kapena cha ku boma ku Neno. Tilinso ndi alangizi a zaumoyo a boma, ndi anthu oyendera makomo a bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, limene lakhala likugwira ntchito ndi boma m'dera lino kuyambira 2007. Akafika pakhomo panu, kapena mukapita ku sikelo, musangopereka buku la mwana ndi kulilandiranso. Auzeni zimene mwana wayamba kuchita, ndipo funsani chimene muyenera kuyembekezera mwezi wotsatira. Kholo limene limasewera ndi mwana wake ndilo limayamba kuona pamene china chake chalakwika.

Pomaliza, tikupemphani chinthu chimodzi choti muyese mwezi uno. M'nyumba iliyonse imene muli khanda, sankhani nthawi zitatu pa tsiku, monga posambitsa m'mawa, popumula masana ndi pamene ndiwo zili pamoto madzulo, ndipo pa nthawi iliyonse munthu mmodzi, kaya mayi, bambo, agogo kapena mkulu wake, aonane ndi mwanayo maso ndi maso, amulankhule, adikire yankho lake. Tsiku limene adzamwetulira koyamba, limene adzatukula mutu ndi limene adzagwira chipande, mulembe kumapeto kwa kope, kuti mudzakhale ndi chouza a chipatala ndiponso chodzamuwerengera iye mwini atakula. Mwezi wamawa, Mulungu akalola, tidzakambirana za mwana amene wayamba kukwawa, ndi m'mene tingakonzere bwalo ndi khitchini kuti aziyendayenda popanda ngozi.